Mkhalakale akabwerera ku timu yake yakale sizoni ikutha: mafunso ndi mayankho pa baseball ya MLB

Chaka chilichonse, Julayi akamatha, pamamveka kuti wosewera wina wamkulu wabwerera ku timu imene anatchukirako. Ochemerera amakamba za chikondi ndi za kubwerera kwawo, koma chimene chimalola kapena kuletsa ulendowo ndi tsiku la pakalendala, malo pa mndandanda wa osewera, ndi amene alipire malipiro otsala. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza, ndipo mayankho ake akunena za ligi yaikulu ya ku America ndi Canada, Major League Baseball, imene ambiri amangoti MLB.

Kodi mukati "sizoni ikutha" mukunena nthawi iti?

MLB ili ndi matimu 30: 29 ali ku United States, imodzi ili ku Toronto. Timu iliyonse imasewera masewero 162, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Mu Okutobala matimu 12 amalowa m'ndime ya chipulula, imene imathera pa World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho.

Tikati sizoni ikutha tikunena kuyambira sabata yomaliza ya Julayi kupita m'tsogolo, pamene timu yatsala ndi masewero pafupifupi 60 kapena ocheperapo. M'nthawi imeneyi muli masiku awiri ofunika kuwagwira pamtima. Loyamba ndi tsiku lotseka msika wosinthana osewera, limene limagwa chakumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti: mu 2023 linali pa 1 Ogasiti, mu 2024 pa 30 Julayi, mu 2025 pa 31 Julayi. Lachiwiri ndi 1 Seputembala, pamene mndandanda wa osewera umakula pang'ono, komanso pamene khomo losewera nawo mu Okutobala limatsekeka.

Nanga wosewera amabwerera bwanji ku timu yake yakale?

Njira zake zilipo zitatu, ndipo tsiku ndi limene limasankha. Msika usanatsekedwe, matimu awiri amatha kusinthana osewera. Ukatsekedwa, timu yakaleyo imatha kumutenga pa waivers, bolodi la ligi loikapo osewera amene matimu ena akhoza kuwatenga, ngati timu imene ali wamuika pamenepo. Kapena amamasulidwa kotheratu, n'kusaina mgwirizano watsopano ngati munthu wopanda timu. Wosewera amene wakhala pakhomo miyezi ingapo osasewera amadzeranso njira yachitatuyi, ndipo kawirikawiri amayamba wasaina mgwirizano wa ligi zazing'ono kuti thupi liyambe lazolowera.

Kodi timu imagula wosewerayo ngati mmene zimakhalira pa mpira wamiyendo?

Ayi. Amene anazolowera mpira wamiyendo amasokonezeka pomwepa. Mu MLB mulibe mtengo wogulira wosewera wotchuka. Chimene chimasamuka ndi mgwirizano wake momwe ulili, zaka zake ndi malipiro ake, ndipo timu yolandirayo imabweza osewera ena, makamaka achinyamata amene akadali m'ligi zazing'ono. Ndalama zikalowapo, nthawi zambiri zimachokera kwa timu imene ikupereka wosewerayo, kuthandiza kulipira malipiro ake kuti ilandire achinyamata abwinoko.

Taonani za Justin Verlander. Anapambana World Series ndi Houston Astros mu 2017 ndi mu 2022, kenako anapita ku New York Mets pa mgwirizano wa zaka ziwiri wa madola 86.7 miliyoni. Sizoni ya Mets ya 2023 itavuta, pa 1 Ogasiti anamubweza ku Houston ali ndi zaka 40. Houston inapereka achinyamata awiri, Drew Gilbert ndi Ryan Clifford, ndipo Mets inavomera kulipira pafupifupi madola 35 miliyoni a malipiro ake otsala. Kunena mwachidule, Mets inagula achinyamata awiri aja ndi ndalama zake, ndipo Houston inapeza woponya amene inkamudziwa bwino pa mtengo wotsika.

Kusinthana kulikonse kumadikira madokotala. Timu yolandirayo imayamba yaona zikalata za thanzi la wosewerayo, zithunzi za chigongono, phewa, bondo ndi msana, ndipo ikaona chokayikitsa imatha kubwerera m'mbuyo zonse zitagwirizanidwa kale.

Jim Thome anabwerera ku Cleveland pa 25 Ogasiti 2011, msika utatsekedwa. Zinatheka bwanji?

Nthawi imeneyo kunali lamulo lina. Msika ukatsekedwa pa 31 Julayi, matimu ankathabe kusinthana osewera mu Ogasiti, bola wosewerayo adutse kaye pa waivers ya mtundu wobwezeka. Timu inkaika dzina lake pamenepo. Ina ikamufuna, mwini wake ankasankha chimodzi mwa zitatu: kumubweza n'kukhala nayebe, kumusiya apite ndi malipiro ake, kapena kukambirana zosinthana ndi timu yomufunayo pasanathe masiku awiri. Akadutsa popanda womufuna, ankatha kupita ku timu iliyonse.

Thome anali ku Minnesota Twins, ali ndi zaka 40, ndipo anali atangomenya home run (kumenya mpira n'kuutulutsa kunja kwa bwalo) yake ya nambala 600 ku Detroit pa 15 Ogasiti. Minnesota inalibenso chiyembekezo chaka chimenecho, pamene Cleveland inali ikulimbanabe. Cleveland inamufuna pa waivers, matimu awiriwo anagwirizana, iye n'kubwerera ku timu imene anasewerako kuyambira 1991 mpaka 2002. Verlander nayenso ulendo wake woyamba wopita ku Houston, kuchokera ku Detroit, unadzera njira yomweyi, usiku wa pa 31 Ogasiti 2017 nthawi itatsala pang'ono kutha.

Lamuloli linachotsedwa mu 2019. Lero kusamuka ngati kwa Thome kukanatheka pokhapokha Minnesota ikanamusiya apite popanda kulandira kalikonse, monga likufotokozera funso lotsatirali.

Waivers ndi DFA zimayenda bwanji masiku ano?

Waivers ndi bolodi la ligi pamene timu imaika dzina la wosewera kuti matimu ena 29 aone ngati akumufuna. Dzinalo limakhalapo pafupifupi masiku awiri. Matimu angapo akamufuna, amapita ku imene ili ndi mbiri yoipa kwambiri ya kupambana ndi kugonja chaka chimenecho. Timu yomutengayo imasenza malipiro ake onse otsala, ndipo yomupereka silandira wosewera aliyense.

Apa ndi pamene kubwerera kwawo kumakanikira kawirikawiri. Timu yakaleyo ikakhala pamwamba pa ligi, imakhala kumapeto kwa mzere, ndiye wina aliyense wapansi akhoza kuilanda. Mu Ogasiti 2023 Los Angeles Angels inaika osewera angapo pa waivers pofuna kutsitsa ndalama za malipiro, ndipo Cleveland, imene mbiri yake inali yofooka poyerekeza ndi matimu ena olimbana, inatenga oponya atatu nthawi imodzi: Lucas Giolito, Reynaldo López ndi Matt Moore. Matimu amphamvu anangoonerera.

DFA ndi chidule cha mawu a ligi otanthauza kuti wosewera wachotsedwa pa mndandanda waukulu wa timu, wa anthu 40, nthawi yomweyo, ndipo timu ili ndi masiku 7 oti iganize chochita naye. Msika ukakhala wotsegula ikhoza kumusinthanitsa. Ukakhala wotseka imamuika pa waivers. Akapanda kutengedwa, timu imamumasula kapena kuyesa kumutsitsira ku ligi zazing'ono, chinthu chimene mkhalakale ali ndi ufulu wochikana. Onani funso la kukana m'munsimu.

Akamasulidwa n'kusaina ku timu yakale, amamulipira ndani?

Migwirizano ya MLB ndi yotsimikizika: timu ikamasula wosewera imapitirizabe kumulipira mpaka mgwirizano utatha. Timu yatsopano imangolipira malipiro otsikitsitsa a ligi, owerengedwa pa masiku otsala okha, ndipo kachigawo kameneko kamachotsedwa pa ngongole ya timu yomumasula. Mu 2025 malipiro otsikitsitsa anali madola 760,000 pachaka. Sizoni imatenga masiku pafupifupi 186, ndiye patsiku ndi madola 4,000 ndi kanthu. Mkhalakale wosaina pa 30 Ogasiti amadyera timu imene wabwererako madola pafupifupi 120,000 basi, ndalama imene mu MLB saiwerengera n'komwe.

N'chifukwa chake matimu ambiri amadikira dala. Akaona kuti malipiro a munthuyo ndi aakulu, samutenga pa waivers. Amamusiya adutse, amasulidwe, kenako n'kumuimbira foni.

Pablo Sandoval ndiye chitsanzo chabwino. Anapambana World Series katatu ndi San Francisco Giants, ndipo mu 2012 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa World Series. Anapita ku Boston Red Sox pa mgwirizano wa zaka zisanu wa madola 95 miliyoni, zinthu sizinayende, ndipo Boston inamumasula mu Julayi 2017 ikadali ndi ngongole yaikulu kwa iye. Giants inamusainitsa mgwirizano wa ligi zazing'ono, n'kumukweza kumayambiriro kwa Ogasiti. Boston inapitiriza kulipira mamiliyoni, San Francisco ikungoponyapo kachigawo ka malipiro otsikitsitsa, amene chaka chimenecho anali madola 535,000.

Kodi wosewerayo angathe kukana, kapena kusankha yekha kopita?

Mkhalakale ali ndi mphamvu kuposa wachinyamata, ndipo mphamvuyo imachokera ku zaka zimene watumikira m'ligi yaikulu. Chaka chimodzi cha utumiki ndi masiku 172 pa mndandanda wa timu yaikulu kapena pa mndandanda wa ovulala.

Amene wakwanitsa zaka 5 sangatsitsidwe ku ligi zazing'ono popanda kuvomera, ndipo akakana amachoka ndi malipiro ake onse. Wa zaka 3 kapena 4 amathanso kukana akachotsedwa pa mndandanda wa 40, koma iye amataya malipiro otsala. Amene wakwanitsa zaka 10, zisanu zomalizazo ali pa timu imodzi, sangasinthanitsidwe popanda chilolezo chake. Enanso amalembetsa ufulu womwewo mu mgwirizano wawo.

Ufulu wokanawu ndi umene umabala maulendo ambiri obwerera. Munthu wa zaka 35 kapena 40, wa banja ndi ana a sukulu, safuna kukayamba moyo mumzinda wachilendo kwa miyezi iwiri. Amauza akuluakulu a timu kuti avomera kupita kumalo amodzi okha, kumene ali ndi nyumba kapena kumene akudziwa anthu. Thome anali ndi ufulu wokana ndipo anauchotsa chifukwa cha Cleveland. Carlos Correa anachita chimodzimodzi pa 31 Julayi 2025, pochoka ku Minnesota kubwerera ku Houston. Zikafika apa timu yogulitsayo ilibe pokanira mtengo, poti wogula ndi mmodzi, ndipo imalandira zochepa. Pa waivers pokha ndi pamene wosewera wopanda ufulu wolembedwawu alibe chonena: wamutenga ndi amene wamutenga.

Akabwera, ndani amachoka kuti iye apeze malo?

Pali mindandanda iwiri. Wa anthu 26 ndi wa amene akhoza kusewera lero, ndipo oponya sapitirira 13. Wa anthu 40 ndi wa onse amene ali pa mgwirizano wa ligi yaikulu, kuphatikizapo ena amene ali ku ligi zazing'ono. Wobwerayo afunika malo pa yonse iwiri.

Pa wa 26, timu imatsitsa wachinyamata ku Triple-A, ligi yapamwamba mwa zazing'ono zija, kapena kuika wina pa mndandanda wa ovulala, umene ndi wa masiku 10 kwa omenya ndi 15 kwa oponya. Pa wa 40 m'povutirapo. Njira yosapweteka ndi kusamutsira wovulala kwambiri pa mndandanda wa masiku 60, umene suwerengedwa pa 40. Popanda wotero, wina amalandira DFA, ndipo timu ikhoza kumutaya kotheratu. Mtengo weniweni wa mkhalakale wotchipa uja umabisala apa.

Pa 1 Seputembala mndandanda wa 26 umakhala wa 28, oponya osapitirira 14. Kale, mpaka 2019, timu inkatha kuitana onse 40 mu Seputembala, ndiye kupezera nkhalamba yokondedwa mpando pa benchi kunali kosavuta. Lero malo owonjezera ndi awiri okha, ndipo amodzi amapita kwa woponya pafupifupi nthawi zonse.

Kodi wobwera mochedwa amaloledwa kusewera mu Okutobala?

Inde, ngati anali kale m'manja mwa timuyo pofika pa 1 Seputembala. Amene ali pa mndandanda wa 40 kapena wa ovulala a masiku 60 pa nthawiyo ndi wololedwa. Amene anasaina mgwirizano wa ligi zazing'ono tsikulo lisanafike koma sali pa 40 akhoza kulowabe, ngati ofesi ya ligi yavomera kuti alowe m'malo mwa wovulala amene wakwanitsa masiku ake pa mndandanda wa ovulala. Wosaina pa 5 Seputembala akhoza kusewera masewero otsala a sizoni, koma a Okutobala amaonera pa benchi.

N'chifukwa chake masiku atatu omaliza a Ogasiti mumachuluka kumasulana. Matimu amene alibe chiyembekezo amamasula akuluakulu awo nthawi ikadalipo, mwina powachitira ulemu, mwina pofuna kupulumutsa kandalama.

Timu inamulola kupita kale. Lero yamufuniranji atakalamba?

Chifukwa ntchito imene akumuitanira ndi yaing'ono kuposa yakale. Sakufuna munthu wonyamula timu chaka chonse. Akufuna wotseka dzenje limodzi kwa masabata asanu kapena asanu ndi atatu: womenya wakumanzere wodzalowa pamene woponya wakumanja wavuta, woponya wa inning yachisanu ndi chiwiri (sewero limakhala ndi zigawo 9 zotchedwa inning), wowakha mipira ya woponya wachiwiri, kapena woponya woyambitsa masewero pamene wina wavulala chigongono.

Pa nthawi yochepa chonchi, kudziwana n'chuma. Madokotala a timu ali kale ndi mbiri ya thupi lake. Aphunzitsi akudziwa chimene chimasokonekera pa kamenyedwe kake akayamba kulephera, ndi mawu amene amamubweza m'njira. Woponya akapeza wowakha amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, safunika masabata oti aphunzirane. Verlander atabwerera ku Houston anapeza Martín Maldonado akadali wowakha wa timuyo, ndipo pa masewero 11 amene anayambitsa anapambana 7 n'kugonja 3, ndi ERA ya 3.31, kutanthauza kuti ankalola adani kupeza ma run (zigoli za baseball) atatu ndi kanthu pa ma inning 9 alionse. Houston inakhala yoyamba m'chigawo chake cha ligi tsiku lomaliza la sizoni, ndipo inadzagonja kwa Texas Rangers pa sewero lachisanu ndi chiwiri, khomo la World Series likuoneka.

Za matikiti ndi ma jezi zilipo ndithu, ndipo timu imene sizoni yaikanika imaziwerengera kwambiri. Koma timu yolimbirana chikho sitaya malo a pa 40 chifukwa cha chikumbutso chokha.

Ngati wakhala pakhomo osasewera, amatenga nthawi yaitali bwanji kuti akonzeke?

Womenya amafunika sabata imodzi kapena ziwiri ku ligi zazing'ono. Mphamvu amakhala nazo, chimene chimasowa ndi diso: mpira wothamanga makilomita 150 pa ola sungauzolowere pa makina oponya. Woponya wodzapokera pakati pa sewero amafunika kuponya maulendo angapo, kuphatikizapo masiku awiri otsatizana, kuti aone ngati mkono ukuchira msanga. David Robertson anasaina ku Philadelphia Phillies mu Julayi 2025 ali ndi zaka 40, atakhala theka la sizoni pakhomo, ndipo anayamba wapita ku ligi zazing'ono asanakwere mu Ogasiti.

Woyambitsa masewero ndiye amachedwa. Amaponya kamodzi pa masiku asanu, ndipo ulendo uliwonse amawonjezera mipira pafupifupi 15: kuyambira 30 kapena 45, kenako 60, 75, mpaka 90. Pamenepo papita mwezi. Amene wasaina pakati pa Ogasiti asanaponyeko kulikonse sangathandize kwenikweni mpaka pakati pa Seputembala, ndipo kumufulumizitsa ndi kumene kumang'amba minofu ya phewa ndi ya m'nthiti.

Rich Hill anachita mwanzeru mu 2015. Anali ndi zaka 35, wopanda timu, ndipo anapita kukaponya ku Long Island Ducks, timu ya ligi yoima payokha, kuti aonetse kuti angathe kuyambitsanso masewero. Boston, kumene anasewerako kuyambira 2010 mpaka 2012, inamusainitsa mu Ogasiti, inamutumiza ku Triple-A, n'kumukweza mu Seputembala. Anayambitsa masewero anayi okha, ERA yake inali 1.55, ndipo pa limodzi anaponya yekha ma inning onse 9 osalola Baltimore kupeza run. Masewero anayi amenewo anamupezera mgwirizano ku Oakland, ndipo pambuyo pake wa zaka zitatu wa madola 48 miliyoni ku Los Angeles Dodgers.

Nanga chimalakwika n'chiyani kawirikawiri?

Choyamba ndi liwiro la manja. Womenya akamakula amayamba kuchedwa pa mpira wothamanga wodzera m'mwamba. Pofuna kubisa zimenezi amayamba kumenya msanga, ndiye amanyengeka ndi mpira wokhota wogwera pansi. Matimu onse ali ndi makamera oyeza zonsezi, ndipo pakangotha sabata aliyense amakhala atadziwa pomubaya. Sandoval atabwerera ku Giants anafika pa maulendo 39 otsatizana osamenya mpira wopindula. Eugenio Suárez anabwerera ku Seattle Mariners kumapeto kwa Julayi 2025 atamenya ma home run 36 ku Arizona, koma ku Seattle ankapindula kosakwana kamodzi pa maulendo asanu, ngakhale anawonjezera ma home run 13.

Chachiwiri ndi thupi. Masewero amakhalapo pafupifupi tsiku lililonse, maulendo a ndege ndi ausiku, ndipo kutentha kwa Ogasiti sikusewera. Mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu ukakoka, masabata atatu apita, ndipo pa nthawi ino ya chaka ndiye kuti sizoni yatha. Kwa woponya wamkulu palinso wotchi yomuwerengera nthawi yoti aponye mpira, imene inayamba mu 2023: masekondi 15 pa ma base (malo oimapo omenya akathamanga) pakakhala palibe munthu, ndipo kuyambira 2024 masekondi 18 akakhalapo. Amene anazolowera kupuma pakati pa mipira amatopa msanga. Lamulo la 2020 lakuti woponya akumane ndi omenya osachepera atatu, kapena amalize inning, linathetsanso ntchito imene inkasunga nkhalamba zambiri zakumanzere, yodzalowa kudzathana ndi munthu mmodzi yekha.

Chachitatu n'chakuti timu imene akubwererayo si imene anaisiya. Jezi ndi lomwelo, koma manejala, aphunzitsi ndi anzake ambiri anasintha, ndipo malo ake ali ndi mwini. Hill yemwe uja anabwereranso ku Boston mu Ogasiti 2024 ali ndi zaka 44, anaponya maulendo anayi okha, n'kulandira DFA mu Seputembala.

Powerenga manambala a munthu wotere muzisamala. Masabata asanu ndi nthawi yochepa moti mwayi umaposa luso. Suárez yemwe ankavutika uja ndi amene anamenya grand slam, home run ya ma run anayi, pa sewero lachisanu lolimbana ndi Toronto mu Okutobala 2025. Sandoval anatseka sizoni ya 2017 ndi home run yopambanitsa timu pa mpira womaliza, ndipo kupambanako kunafananitsa mbiri ya Giants ndi ya Detroit pansi penipeni pa ligi, mwayi wosankha wachinyamata woyamba mu 2018, umene unkapita kwa timu ya mbiri yoipa kwambiri, n'kupita ku Detroit. Ochemerera anavina, koma mu ofesi mwina munali ena amene anagwira kumutu.

Kodi amabwerera pa malo ake akale ndi nambala yake yakale?

Nambala imavuta pang'ono, malo amavuta kwambiri. Ngati nambalayo ilibe mwini amangomupatsa, ndipo matimu ambiri amasunga dala nambala ya munthu wotchuka osaipereka kwa wina. Thome anavalanso 25, Verlander 35. Ikakhala ndi mwini, awiriwo amakambirana okha, ndipo mwambo ndi wakuti wamkuluyo amapereka mphatso, monga wotchi yapamwamba, kwa wachinyamata amene wamusiyira.

Malo osewera amatsata zosowa za lero. Correa anali shortstop (woteteza pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu) wa Houston kuyambira 2015 mpaka 2021, koma pobwerera anapeza Jeremy Peña atakhazikika pamenepo, ndipo dzenje linali pa base yachitatu chifukwa Isaac Paredes anali atavulala. Anavomera kusewera pamenepo, malo amene anali asanasewerepo mu MLB. Ena amathera pa DH, womenya amene sagwira ntchito yoteteza m'bwalo. Kuyambira 2022 ligi zonse ziwiri, American ndi National, zili ndi DH, ndiye mipando ya omenya okalamba inawonjezeka.

Nanga mgwirizano wa tsiku limodzi ndi chiyani? Ndi kubwereranso kumeneko?

Ndi mwambo chabe. Wosewera amene wasiya kale amasaina pepala kuti zilembedwe kuti anatsanzikira pa timu yake. Salowa pa mndandanda wa 26 ndipo sasewera. Hideki Matsui anachita zimenezi ndi New York Yankees mu Julayi 2013, ndipo José Bautista ndi Toronto Blue Jays mu Ogasiti 2023. Musasokonezenso ndi za Albert Pujols, amene anabwerera ku St. Louis Cardinals mu 2022 sizoni isanayambe, nasewera chaka chonse mpaka kufika pa ma home run 703. Wobwera mu Malichi amakhala ndi nthawi yokonzekera pamodzi ndi anzake, chinthu chimene wa mu Ogasiti alibe.

Timu ikatenga chikho, iye amalandira nawo ndalama ndi mphete?

Ndalama za Okutobala zimachokera ku gawo la matikiti a masewero a ndimeyo, ndipo osewera a timu iliyonse amakumana sizoni isanathe kuvota mmene azigawire. Amene akhala nawo pafupifupi chaka chonse amalandira gawo lathunthu. Wobwera mu Ogasiti amadalira voti ya anzake: akhoza kupatsidwa lathunthu, theka, kapena kandalama kongomuthokoza. Si zochepa ayi: mu 2022 gawo lathunthu la Houston linaposa madola 500,000. Mkhalakale wolemekezeka kawirikawiri amapatsidwa lathunthu. Mphete amagawa ndi eni timu, ndipo mwambo ndi kupatsa aliyense amene anavala jezi chaka chimenecho, ngakhale wa masewero ochepa.

Ochemerera amene anamukwiyira pochoka amamulandira bwanji, ndipo amakhalitsa?

Zimatengera mmene anachokera ndi zaka zimene zadutsa. Thome atachoka ku Cleveland mu 2002 kupita ku Philadelphia pa mgwirizano wa zaka zisanu ndi chimodzi wa madola 85 miliyoni, anthu anamva kuwawa, ndipo pamene ankabwera atavala jezi la Chicago White Sox ankamukuwiza. Mu 2011 bwalo lomwelo linaimirira kumuombera m'manja. Pa sewero lomaliza la pakhomo chaka chimenecho, manejala Manny Acta anamuika pa base yachitatu kwa mpira umodzi wokha, malo amene anayambira ali mnyamata ndipo anali asanaimepo kuyambira 1996, kenako anamutulutsa kuti anthu amuombere m'manja akutuluka. Ma home run atatu amene anamenya pa ulendowu anafikitsa ake a ku Cleveland pa 337, oposa a wina aliyense m'mbiri ya timuyo.

Za kukhalitsa, onani mgwirizano. Verlander ndi Correa anabwera ndi zaka zotsala pa migwirizano yawo, ndiye anapitiriza. Amene mgwirizano wake ukutha chaka chomwecho amakhala wopanda timu World Series ikangotha, ndipo timu ilibe udindo womusunga. Cleveland inamaliza 2011 itapambana 80 n'kugonja 82, osalowa mu Okutobala, ndipo mu Novembala Thome anasaina mgwirizano wa chaka chimodzi ku Philadelphia, timu inanso imene anali atasewerako kale.